Safunsa Anadya Phula: Ife a Kumudzi ndi Laibulale ya pa Koleji

Ife amene tinakulira kumadzulo ndi kumpoto kwa boma la Lilongwe timadziwana msanga tikakumana pa koleji. Wina akangoti kwawo ndi ku Namitete, mnzake amayankha kuti iye ndi wa ku Nsaru, wachitatu n'kuti wa kwa Kabudula, ndipo posakhalitsa timayamba kufunsana za mvula, za msewu ndi za mtengo wa mtedza chaka chino. Ena mwa ife tili ku Lakeview ku Ntcheu, ena ku Malamulo ku Thyolo. Maphunziro athu ndi osiyana, koma pali katundu mmodzi amene tonse tinanyamula pochoka kwathu, ngakhale sanali m'chikwama. Katunduyo ndi kaonedwe kathu ka buku.

Ambiri mwa ife tinadutsa m'masukulu oyendera a CDSS, aja amene boma linakhazikitsa mu 1998 m'malo mwa masukulu akale a MCDE. Kumeneko buku limodzi la Biology linkazunguliridwa ndi mitu yambiri, ndipo amene wakhala mbali inayo ankaliwerenga chozondoka. Mabuku ochepa amene analipo ankakhala m'kabati mu ofesi, makiyi ali m'thumba la aphunzitsi. Sikuti aphunzitsi athu anali ouma mtima ayi. Ankateteza mabukuwo ku chiswe, ku denga lodontha ndi ku manja aatali, podziwa kuti likasowa limodzi palibe wobweretsa lina. Laibulale ya boma ya National Library Service inalipo ndithu ku City Centre, koma kwa mwana wa ku Nambuma ulendo wopita kumeneko unali ndalama ya sopo ndi mchere wa pakhomo. Motero chuma chathu chenicheni chinali manotsi: aphunzitsi alemba pa bolodi, ife tikopera, ndipo kope la mkulu wathu amene anakhoza MSCE linkasungidwa ngati mbewu.

Moyo umenewo unatiphunzitsa khama, ndipo sitiunyoza. Koma unatisiyiranso maganizo atatu. Loyamba ndi lakuti buku ndi chinthu chotsekera. Lachiwiri ndi lakuti nzeru ndi zokhazo zimene mphunzitsi walemba. Lachitatu, limene ndi lolemera kwambiri, ndi lakuti kufunsa munthu wa mu ofesi ndi kudzionetsa uchimidzi.

Laibulale ya pa koleji imayenda mosemphana ndi maganizo onse atatuwa. Mashelefu ndi otsegula. Munthu ungathe kutsitsa buku, kulitsegula, kulisiya ndi kutenga lina popanda wokutsata pambuyo. Kuseri kwa kauntala kumakhala anthu amene anaphunzira ntchito imeneyi ku sukulu, ndipo amalandira malipiro kuti azifunsidwa. Komabe onani zimene zimachitika semesita yoyamba ya chaka chilichonse. Ophunzira atsopano amalowa, n'kudutsa kauntala mozyolika, n'kudutsanso mashelefu onse, n'kukakhala pa tebulo la pakona ndi manotsi awo. Kwa iwo laibulale ndi chipinda chabata chokhala ndi magetsi komanso pochajira foni. Ena amatha zaka zinayi chomwecho, chiphaso chawo chisanabwerekepo buku ndi limodzi lomwe. Zili ngati munthu amene wapatsidwa nkhokwe yodzaza, iye n'kungokhala pa mthunzi wake akukukuta chimanga chokazinga chimene wabwera nacho m'thumba. Chowawa n'chakuti nkhokweyo inalipiridwa kale. Fizi imene makolo athu amapeza akagulitsa mtedza, soya, chimanga kapena mbuzi ndi yomweyo imene imayatsa magetsi a m'laibulale ndi kugula mabuku ake.

Gulu lathu la a ku Lilongwe linadziwa ntchito ya laibulale kudzera mu mtedza. Mu phunziro la kachitidwe ka kafukufuku tinauzidwa kuti tisankhe vuto limodzi la kudera kwathu ndi kufufuza zimene zinalembedwa kale za vutolo. Sitinavutike kusankha. Kuyambira ku Mpingu mpaka ku Namitete, kukwera kwa Kabudula mpaka ku Nambuma, mtedza ndiwo ndalama ya fizi, ndiwo nsinjiro zotendera ndiwo, ndiwonso wothira m'phala la mwana. Ndipo tonse tinaonapo wogula akuvundula thumba, n'kutola njere zingapo zachuku, n'kutsitsa mtengo pomwepo makolo athu ali chete. Tinapita pa kauntala ndi kunena kuti, "Amayi, tikufuna buku la mtedza." Iwo sanatiloze shelefu. Anatifunsa kuti, "Za mtedza n'zambiri, ana anga. Mukufuna kadzalidwe, matenda, kasungidwe kapena msika?"

Funso limenelo ndilo thandizo loyamba la laibulale, ndipo silipezeka pa shelefu. Woyang'anira laibulale amathandiza munthu kuchepetsa funso lake mpaka likhale loti n'kuliyankha. Titafotokoza za chuku, anatipatsa chinthu chachiwiri: mawu ofufuzira. Katalogi ya laibulale, kaya ya makadi kaya ya pa kompyuta, sidziwa liwu loti chuku. Olemba a sayansi amatchula poizoni wake kuti aflatoxin. Mtedza womwewo Angerezi amati groundnut, a ku America amati peanut, pomwe akatswiri a zomera amati Arachis hypogaea. Wofufuza ndi liwu limodzi lokha amaphonya zolembedwa zambiri, n'kubwerera kukauza mphunzitsi kuti m'laibulale mulibe kanthu. M'menemo muli zinthu, koma chitseko chake ndi mawu oyenera.

Kenako anatiphunzitsa kuwerenga manambala a pa msana pa buku. Manambalawo si okongoletsa. Ndi keyala ya buku, monga mmene kwathu timanenera mudzi, gulupu ndi mfumu yaikulu. Malaibulale ena amatsata dongosolo la Melvil Dewey la mu 1876, mmene 200 ndi zachipembedzo, 370 zamaphunziro, 610 zaumoyo ndipo 630 zaulimi. Ena amatsata la Library of Congress la ku America, limene limagwiritsa ntchito zilembo: L zamaphunziro, R zaumoyo, S zaulimi. Ubwino wa madongosolo onsewa ndi wakuti mabuku apachibale amakhala moyandikana. Ukapeza limodzi, yang'ana kumanja ndi kumanzere kwake, chifukwa kawirikawiri buku limene likuthandize kwambiri ndi loyandikana nalo, limene sunalidziwe n'komwe dzina. Anationetsanso kumapeto kwa buku, kumene kuli ndandanda wa mawu ndi masamba amene mawuwo akupezeka, kuti munthu asawerenge masamba mazana asanu pofuna ndime zitatu. Pafupi pomwepo pali mndandanda wa zolemba zimene wolembayo anawerenga, ndipo umenewo uli ngati mapazi a munthu amene anadutsa kale njira imene iwe ukuiyamba.

Sikuti mabuku onse amatuluka pakhomo mofanana. Madikishonale, mabuku a mapu ndi ena ofufuziramo amawerengedwa momwemo. Amene akufunidwa ndi kalasi yonse amasungidwa kuseri kwa kauntala ndipo amabwerekedwa kwa maola ochepa, kuti aliyense alaweko. Palinso zolemba za kafukufuku za ophunzira amene anamaliza kale, zimene zimaonetsa mmene ntchito yomalizidwa imaonekera. Ndipo pali khomo lina losaoneka ndi maso, la magazini a akatswiri a pa intaneti. Nkhani imodzi ya m'magazini otere ingagulidwe ndi ndalama yoposa thumba la chimanga. N'chifukwa chake mu 2003 malaibulale a m'dziko muno anapanga mgwirizano wa MALICO kuti azisonkha ndi kulipirira limodzi. Pamwamba pa apo, bungwe la WHO linayambitsa HINARI mu 2002 ya zaumoyo, ndipo la FAO linayambitsa AGORA mu 2003 ya zaulimi, kuti masukulu ndi zipatala za m'maiko osauka ngati Malawi zizilembetsa ndi kuwerenga ulere. Makomo amenewa salembedwa pa chitseko. Amene amawadziwa ndi anthu a pa kauntala aja, ndipo wosafunsa amadutsa osadziwa kuti alipo.

Zimene tinapeza zinatikhalitsa chete. Poizoni wa chuku anadziwika mu 1960, pamene nkhukundembo pafupifupi 100,000 zinafa ku England zitadya chakudya chopangidwa ndi mtedza wochokera ku Brazil. Amapangidwa ndi nkhungu yotchedwa Aspergillus flavus, imene imakhala m'nthaka momwe. Imalowa mu mtedza mvula ikadula msanga kumapeto kwa nyengo, makoko akabooledwa ndi chiswe kapena akatemedwa ndi khasu pokumba, ndiponso mtedza ukasungidwa usanaume bwino. Chizolowezi chowaza madzi pa makoko kuti afewe posenda, chimene tonse tinachiona pakhomo, chimapatsa nkhunguyo chinyezi chimene imafuna. Kukazinga kapena kuphika sikuchotsa poizoniyo. Munthu akamamudya kwa nthawi yaitali amawononga chiwindi ndipo angayambitse khansa. Apa tonse tinayang'anana, chifukwa tikudziwa mmene zimakhalira kwathu: mtedza wabwino umapita ku msika, pomwe wonyala, wosweka ndi wakuda uja umatsala pakhomo, n'kusinjidwa, n'kulowa m'ndiwo ndi m'phala la ana. Ntchito ya m'kalasi inasanduka nkhani ya azichemwali athu ndi ana awo.

Chinanso chinatidabwitsa. Pa zolemba zingapo zimene tinawerenga panali dzina la malo amene timawadziwa bwino: Chitedze. Malo a kafukufuku wa zaulimi amenewa ali m'mbali mwa msewu wa ku Mchinji, pafupi ndi Mpingu, ndipo akhalapo kuyambira mu 1948. Bungwe la ICRISAT lakhala likufufuza za mtedza kumeneko kuyambira mu 1982, ndipo mtedza wa CG7 umene makolo athu amadzala unatulukira mu ntchito imeneyo. Aliyense wa ife wochokera ku Namitete amadutsa pamenepo pa minibasi popita ndi pobwera ku tauni. Anzathu a ku Mpingu anakula akuona minda yoyeserera mbewu ndi zikwangwani zake. Koma zimene akatswiri anapeza m'nthaka ya kwathu zinalembedwa m'Chingerezi, zinasindikizidwa kunja, ndipo ife tinakakumana nazo pa kompyuta ya m'laibulale, kutali ndi kwathu. Alangizi a zaulimi amayesetsa kufikitsa uthenga wotere kumidzi, koma mlangizi mmodzi amayendera midzi yambiri. Pakati pa Chitedze ndi khonde la agogo athu pakufunika munthu wodziwa zinenero zonse ziwiri, cha m'buku ndi cha pamudzi. Munthu ameneyo ndi ife.

Apa m'pamene tinaona kuti kukulira kumudzi si chilema m'laibulale. Buku limayankha munthu amene wabwera ndi funso, ndipo ife mafunso tili nawo ambiri. N'chifukwa chiyani kaufiti amachuluka m'munda woguga? N'chifukwa chiyani amayi apakati amachedwa kuyamba sikelo ngakhale chipatala cha St Gabriel's ku Namitete kapena cha kwa Kabudula chili pomwepo? N'chifukwa chiyani banki m'khonde ya mudzi wina imakula pomwe ya mudzi woyandikana imatha ndi mkangano? N'chiyani chimachotsa atsikana pa sukulu akafika Sitandade 7? Wophunzira unamwino, zamalonda, uphunzitsi kapena ubusa, aliyense ali ndi funso lake la kwawo. William Kamkwamba wa ku Wimbe ku Kasungu anasiya sukulu chifukwa chosowa fizi pa njala ya mu 2001 ndi 2002. Laibulale imene ankapitako inali kachipinda ka pa sukulu ya pulaimale, ndipo Chingerezi chinkamuvuta moti ankatsata zithunzi. Koma anali ndi funso la magetsi ndi madzi a pakhomo pawo, ndipo anapanga makina oyendera mphepo ali ndi zaka 14. Ife tili ndi mashelefu ochuluka kuposa amene iye anali nawo.

Wina angati zonsezi ndi zachikale, popeza masiku ano foni imayankha chilichonse. Zoona, foni imayankha, ndipo ifenso timaigwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku. Koma pa WhatsApp ndi pa Facebook pamayenda zolemba zopanda mwini, zopanda chaka, zopanda pochokera, ndipo mapulogalamu oyankha mafunso aja amatha kutchula buku limene silinalembedwepo, molimba mtima ngati mboni yoona ndi maso. Akuluakulu anati kandimverere anakanena za m'maluwa. Laibulale imaphunzitsa munthu kufunsa mafunso atatu pa cholembedwa chilichonse: analemba ndani, analemba liti, ndipo iyeyo anadziwa bwanji? Mwambo wotchula kumene tatenga mfundo, umene aphunzitsi amatichotsera nawo malikisi, umachokera pomwepa. Si chilango. Ndi ulemu kwa mwini nzeru, ndiponso ndi njira yoti wotiwerenga akathe kukaona yekha ngati tanena zoona. Namwino amene adzapereke mankhwala potsata uthenga wongotumiziridwa, kapena mbusa amene adzalalikire mphekesera, anayamba chizolowezicho ali pa sukulu.

Palinso nkhani ya kubweza. Maganizo aja akuti buku ndi lotsekera amaoneka kwambiri mayeso akayandikira. Buku la zaumoyo limapezeka litabisidwa pakati pa mabuku a mbiri yakale kuti wobisayo azilipeza yekha. Lina limabwerera litang'ambidwa mutu wonse umene ukubwera pa mayeso. Lina limagona mu hositelo mwezi wathunthu pamene kalasi yonse ikulifuna. Buku loikidwa pa shelefu yolakwika ndi lotayika ngakhale lili m'nyumba momwemo, chifukwa katalogi imaloza pamene palibe. Pa 18 December 2015 moto unapsereza laibulale ya Mzuzu University, ndipo mabuku pafupifupi 45,000 anasanduka phulusa usiku umodzi. Dziko lonse linadandaula. Koma laibulale imathanso pang'onopang'ono popanda utsi, tsamba limodzi lero, buku limodzi mawa. Kwathu timadziwa kuti khasu lobwereka limabwezedwa lisanafunsidwe, ndiponso kuti pa mjigo sutsekereza anzako ukatha kutunga. Tsiku lobwezera limene amadinda m'buku ndi pangano ndi munthu amene sitikumudziwa, amene mwina ndi mwana wa ku Nsaru amene adzafike kuno chaka chamawa.

Pa koleji ya mpingo wathu palinso chinthu chimene anzathu a m'makoleji ena alibe. Lachisanu dzuwa lisanalowe zitseko za laibulale zimatsekedwa, ndipo Sabata lonse mabuku amapuma pamodzi nafe. Ena amaona ngati kutaya tsiku. Ife taona kuti zimaphunzitsa dongosolo. Wofuna kugwira ntchito Loweruka usiku kapena Lamlungu m'mawa amabwereka buku lake Lachinayi, monga mmene amayi kwathu amakonzeratu ndiwo ndi kutungiratu madzi pa tsiku lokonzekera. Ndipo mutu umene wapuma tsiku lathunthu umagwira bwino kuposa umene wachezera masiku asanu ndi awiri. Chikhulupiriro ndi kuwerenga sizidana. Mtumwi Paulo ali m'ndende, moyo wake uli pafupi kutha, anapempha Timoteo kuti pobwera amutengere chofunda chake pamodzi ndi mabuku, monga timawerengera pa 2 Timoteo 4:13.

Kwa inu makolo ndi akulu a mpingo amene mukuwerenga magazini ino, tili ndi pempho. Tikabwera ku holide musangotifunsa ngati takhoza. Tipatseni mafunso oti tikafufuze. Tiuzeni za nkhuku zimene zimafa chaka ndi chaka nyengo yotentha, za chitsime chimene madzi ake asintha, za ngongole imene simukumvetsa chiwongoladzanja chake. Tikabwerera ku sukulu tikafunse, ndipo holide yotsatira tidzakuyankheni m'Chichewa chomveka. Gulu lathu litamaliza ntchito ya mtedza ija, aliyense anapita kwawo ndi mfundo zinayi zokha: kukumba pa nthawi yake mosamala makoko, kuumitsa bwino osati pa dothi, kusawaza madzi posenda, ndi kusadyetsa ana kapena ziweto mtedza wosankhidwa uja. Mfundo yomalizayi ndi yovuta pakhomo pamene chakudya ndi chochepa, ndipo si onse amene anaimva tsiku loyamba. Agogo ena anati akhala akudya nsinjiro zotero kuyambira kale. Koma pamakomo pena beseni la madzi linachoka pamalo osendera mtedza.

Ndipo kwa inu anzathu amene mwangofika kumene, ochokera ku Mpingu, ku Nambuma kapena kulikonse kumene buku linkakhala m'kabati, musadikire sabata ya mayeso. Tsiku limene amaonetsa ophunzira atsopano kayendedwe ka laibulale musalijombe. Sabata ino lembani funso limodzi la kwanu pa kapepala, mupite nalo pa kauntala, mupereke moni mwaulemu monga anakuphunzitsirani kwanu, ndipo mufunse. Ngati Chingerezi chikukana kutuluka, yambani m'Chichewa. Anthu a pa kauntala aja ambiri anachokeranso kumidzi ngati yathu, ndipo adzakuthandizani kupeza liwu limene katalogi ikufuna.